Loweruka Limene A Tembo Sanakwere Njinga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili ndi zaka makumi anayi, mwamuna wanga atangomwalira. Ndinapita ndi njinga yake kwa a Tembo, okonza njinga ku Nakoli mu Kabwe muno, kuti ndiigulitse. Mkuluyo anali ndi imvi mutu wonse, koma anandiseka ngati mnyamata.

"Amake Chisomo, mugulitsa miyendo? Bwelani mailo, nizakuphunzisani nchito."

Mawa lake ndinabwereradi, ndipo anandiphunzitsa kumata chubu, kupaka girizi mu habu, ndi kuwongola limu ya gudumu ndi kasipanala ka masipoko. Iwo ankakhwatcha sipoko iliyonse ndi chala, n'kumva kulira kwake. Ine ndinkayesa ndi luso chabe.

Loweruka masana tinkatseka, n'kukwera njinga. Lamulo lawo linali limodzi: njira imene tinadutsamo kale sitibwereza. Ine amene ndinkangodziwa kumsika ndi kutchalitchi, ndinayamba kusochera mosangalala, chitenje chili m'chiuno, azimayi anzanga akundinena. Iwo nthawi zonse ankandiika patsogolo. Loweruka lina lake tinapangana zokafika kumtsinje wa Mulungushi.

Lachinayi la sabata imeneyo kunabwera wogulitsa makala, bondo likuchucha magazi, gudumu lili m'manja litapindika ngati mbale.

"Ba Tembo, iyi wilo munamanga dzulo! Mufuna kunipaya?"

Ndinalitenga n'kuliyang'anitsitsa. Masipoko ena analowa mabowo olakwika, cholakwa choti ngakhale ine sindikanachita. Ndinapatsa a Tembo gudumulo, iwo n'kutambasula dzanja kumbali, kumene kunalibe kanthu.

Kasitomala atachoka, a Tembo anakhala pa benchi. "Maso yanasila kudala," anatero. "Mu road nimakonkha chabe kulila kwa tcheni yanu. Osauza bana."

Maso awo anali atafa kalekale, n'chifukwa chake ankandiika patsogolo kuti azitsatira kulira kwa njinga yanga. Ndinalimanganso gudumulo. Ndinkaganiza za malole a pamsewu waukulu. Madzulo ndinaimbira foni mwana wawo wamkazi ku Lusaka, ndipo Lachisanu anafika ndi galimoto kudzawatenga.

A Tembo sanakalipe, ndipo n'zimene zimandipweteka mpaka lero. Anandifunafuna ndi dzanja, n'kundipatsa makiyi a shopu.

"Mwachita bwino, mayo. Koma sembe munalindila Saturday ipite."

Sanakwerenso njinga. Anakhala pakhonde la mwana wawo chaka chimodzi, kenako tinakawaika m'manda.

Sindikudziwa ngati ndinalakwa. Mwina ndinawapulumutsa, mwina ndinawafulumizitsa. Chimene ndinatolapo n'chakuti ukalamba suyamba ndi imvi. Umayamba tsiku limene munthu wasiya kufunsa kumene njira ikupita. Shopu ndikuiyendetsa ndine tsopano, ndipo Loweruka masana ndimatseka, kaya pakhale makasitomala angati. Njira za Kabwe ndazitha pafupifupi zonse. Ya kumtsinje ija ndimafika pamphambano pake, miyendo n'kukana kupalasa.