Mfuti ya ku China Imene Ndinapatsidwa ku Thamesmead

Nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu ayi, inandigwera ine ndemwe, ndipo amene tinkapemphera limodzi ku Peckham zaka za m'ma 2000 zija akudziwa chimene ndinasiyira kuimba kwaya. Kumudzi ndinali nesi, koma kuno ku London ndinkasambitsa okalamba m'makomo mwawo podikira pepala londilola kugwira unesi, pepala limene likanandithandiza kuitanitsa mwana wanga wamkazi amene ndinamusiya ku Zomba kwa mkulu wanga ali ndi zaka zinayi. Mtima wanga wonse unali pamenepo basi.

Mmodzi mwa anthu amene ndinkawasamalira anali agogo ena achizungu a ku Thamesmead, msilikali wakale, mutu utayamba kale kusokonekera. Anzawo amasunga masitampa, koma iwo ankasunga mfuti zing'onozing'ono za m'manja, za asilikali a ku China akalekale, atazindandalika m'kabati yagalasi ngati mbale za alendo. Dzina langa ankaliiwala tsiku ndi tsiku, koma za mfutizo sankaphonya n'kamodzi komwe. Ankati anthu amanyoza zinthu za ku China chifukwa sanagwirepo zakalezo, chitsulo chake cholemera, chosadziwa dzimbiri. Ankandionetsa kanyenyezi ka pachogwirira, n'kumati manambala a zitsulo zake zonse akamafanana, osunga mfuti anzawo amameza malovu. Ine ndinkangoti eya, eya, uku ndikuwapaka mafuta m'miyendo. Mantha ndinalibe, poti mwana wawo anali atanditsimikizira kuti zonsezo amisiri anazitseka, siziombanso, ndipo iliyonse ili ndi pepala lake.

Tsiku lowasamutsira kunyumba yosungirako okalamba, ndikuwalongedzera zovala, anasolola mfuti ina pansi pa matiresi, yokulungidwa m'kansanza kamafuta. Anati imeneyi ndiyo yoposa zonse chifukwa palibe mmisiri anaikhudzapo, ndipo akundipatsa ine popeza mwana wawo angangoitaya. Zoti palibe anaikhudzapo ndinaziona ngati akungotama kukongola kwake, kupusa kwanga. Ndinakana kawiri, iwo n'kuyamba kulira. Inu, munthu wamkulu akukupatsa mphatso misozi ili mbwembwembwe, ungaikane bwanji? Tinaleredwa choncho ife? Ndinalandira, ndinathokoza, n'kuiika m'chikwama.

Inagona m'nyumba mwanga masiku atatu, mtima uli m'mwamba. Nditauza mnzanga wa kukwaya, nesi wa ku Zambia, anagwira pakamwa n'kunena kuti kuno ukapezeka ndi chinthu chimenecho umakaseweza zaka kundende, ndikachisiye kupolisi tsiku lomwelo. Zoti umayamba waimba foni apolisiwo n'kudzatenga okha sanandiuze, nayenso sankadziwa. Ndinaikulunga m'chitenje n'kukwera basi ya ku Woolwich masanasana, chikwama chili pamiyendo.

Kupolisi ndinaima pamzere bwinobwino. Nthawi yanga itakwana ndinapereka moni, ndinamasula chitenje, kenako ndinachita zimene mayi anandiphunzitsa popereka chinthu kwa akuluakulu: ndinaigwira ndi manja awiri, ndinapinda maondo pang'ono, n'kutambasula mikono kwa wapolisi amene anali patebulo. Taganizani mmene zinaonekera kwa iyeyo. Anadzigwetsa kuseri kwa tebulo, belu linalira, anthu a pamzere anamwazikira panja, ndipo ndisanamvetse n'komwe chimene chachitika, panatulukira amuna ovala zakuda atandilozetsa mfuti zikuluzikulu, akukuwa kuti ndiiponye pansi. Manja anauma, zala zinakana kutambasuka. Ndinkangobwereza kuti, “Pepani bwana, it's a gift, ndi mphatso chabe.” Wina anandigwetsa chafufumimba, bondo lake pamsana panga, tsaya langa pasimenti yozizira, ndipo ndinadzikodzera, ntchembere yonse ine.

Ataiyang'ana anapeza kuti inali yosatseka, ndipo munali chipolopolo. Mpaka lero sindiiwala kuti ndinakhala nayo m'basi moyandikana ndi mayi wobereka khanda.

Agogo aja atafunsidwa anati sanandionepo chibadwire. Mwana wawo, poopa kuti mlandu ugwera bambo ake, anati ndinachita kuba. Ndinayendera nkhaniyi chaka chathunthu, ndikuonda ngati wodwala. Kundende sindinapite poti ndinakaipereka ndekha, koma kuntchito anandichotsa chifukwa cholandira katundu wa wodwala, dzina langa linada moti kukwaya ndinasiya chifukwa cha manyazi, ndipo pepala la unesi lija linafera pomwepo. Loya wanga, poganiza kuti andiseketsa, anandiuza kuti katswiri amene anaiyeza anaitama kwambiri, akuti zoterozo zatsala zochepa, moti saiphwanya, aisunga pabwino kuti ena aziphunzirirapo. Mfuti anaipezera malo m'dziko muno, ine ayi. Sindinaseke.

Kuchokera pamenepo ndakhala ndikukolopa m'maofesi. Mapepala anga anasokonekera, moti kwa zaka zambiri sindikanatha kupita kumudzi n'kubwereranso, ndipo kubwerera chimanjamanja ndinkachita nako manyazi. Ndinkangoti chaka chamawa, chaka chamawa.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti ulemu wathuwu uli ndi kwawo, ndipo kunja kuno ukhoza kukuphetsa dzuwa likuswa mtengo. Inu amene mukubwera kudzasamalira okalamba, wodwala akakupatsani kanthu, kaya ndi supuni, kanani, ngakhale alire bwanji, misozi yake iuma. Ndipo chinthu choopsa musachinyamule kuti mukaonetse kukhulupirika kwanu, chisiyeni pomwe chili muitane eni dziko. Ine ndinaopa kukhumudwitsa munthu amene anandiiwala tsiku lomwelo. Mwana wanga anakula, anakwatiwa, ndipo paukwati wake amene anakhala pampando wa mayi ndi mkulu wanga. Ine mwanayo akamandiimbira foni amanditchula kuti anti a ku London.