Manati Awiri M'handulo ya Achimwene

Ndine ndinayambitsa zonsezi, sindikukana. Manati awiri achitsulo, omangira mabawuti, ndinawaponya ndekha m'handulo ya njinga yamoto ya achimwene, Lolemba masana, iwo ali kudimba. Ndinavula kamphira ka kumapeto kwa handulo, n'kuponyamo manatiwo, n'kubwezera kamphirako bwinobwino ngati sipanagwire munthu.

Chifukwa chinalipo. Njingayo anaigula atagulitsa fodya, ndipo chiigulireni sankandilola ngakhale kuiyandikira. Ndikangogwira galasi ankandimenya dzanja. "Iwe, zala zakozo uzikagwirira mabuku." Ndinali Fomu 3, pa tchuthi cha Ogasiti, chimanga chili m'nkhokwe, ntchito kulibe. Mutu ukakhala choncho umapeza wokha chochita.

Koma chimene chinkandiyabwa kwambiri ndi khutu lawo. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, anyamata asanu a njinga zamoto, achimwene mmodzi wa iwo, ankakumana pa mjigo wa m'mbali mwa msewu, kutsuka njinga zawo ndi kukangana kuti yokwera bwino phiri ndi ya ndani. Achimwenewo anzawo ankawatcha adokotala. Wina akaliza injini, iwo ankapendeketsa mutu, kutsinzina diso limodzi, n'kunena kuti, "Tcheni yakhwepa," kapena, "Pulagi yatha iyi." Zowawa zake n'zakuti nthawi zambiri ankalondola. Ine ndinangofuna kuona ngati khutulo lingapeze manati.

Sabata imeneyo sinali sabata wamba. Loweruka lake achimwene ankayenera kupita ku Ntchisi ndi amalume kukaonekera kwa makolo a mtsikana amene ankafuna kukwatira. Njingayo anali ataikongoletsa kale: magalasi atsopano awiri, chophimba mpando chofiira cha mphonje, ndi hutala yolira ngati ya lole, imene inkabalalitsa nkhuku za mayi mpaka kuseri kwa bafa. Ankafuna kuti akamalowa m'mudzi wa eni ake, anthu adziwe kuti kwabwera munthu wosamala zinthu.

Kwathu kuno palibe amene amawotcha petulo potsetsereka. Ukafika pamwamba pa mtsetse umazimitsa injini, kuchotsa giya, n'kumatsika mwakachetechete mpaka kumlatho. Ndi pamenepo manati anga ankayambira nyimbo. Injini ikamalira sankamveka. Njinga ikaima pabwalo, zii. Koma pa mtsetse wa mabampu, injini itazima, ngwe ngwe ngwe, phokoso lopanda kochokera.

Lachiwiri achimwene anabwera kuchokera ku Chezi nkhope itagwa.

"Pali chimene chikugogoda," anauza mayi.

"Ikuyenda koma?"

"Ikuyenda."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

Achimwene anangobwerera ku njinga yawo. Anatenga sipanala n'kumanga tcheni, masipoko, ekizozi, ngakhale chikwangwani cha nambala. Anakaiyesa pa mtsetse wa kusukulu ya pulayimale, n'kubwerera nkhope ili chigwere.

Lachitatu anzawo aja anafika, aliyense ndi matenda ake. Wina anati ndi buleki, wina anati thanki yatayirira. Mnzawo wowotcherera zitsulo, amene ndi wamwano mwa onse, anakhala pa njerwa n'kumatafuna nzimbe.

"Adokotala, khutu lija latha batire kodi?"

"Aise, khala chete, ndikumvetsera."

"Mukumvetsera chiyani njinga ili chiimire? Kapena tiitane azibusa?"

Ine ndinayesa kuwathandiza, Mulungu ndi mboni. Ndinati, "Achimwene, popeza phokosolo limamveka injini itazima, mwina vuto silili mu injini."

"Iwe, za kusukuluzo usatibweretsere pano. Injini ikazima m'pamene zotayirira za m'kati zimamveka."

Onse anagwedeza mitu kuvomereza. Ndinapita kuseri kwa khola kukaseka.

Lachinayi anatsegula injini. Anayala matumba a feteleza pansi pa mtengo wa mango, oyilo anamukhuthulira m'beseni la mayi lotsukira mbale, ndipo zitsulo anazindandalika monga momwe zinatulukira. Ankanyamula chimodzichimodzi, kuchigwedeza pafupi ndi khutu, n'kuchibwezera pansi. Potsegulapo gasiketi inang'ambika, kachikopa kopyapyala kaja kotseka oyilo kuti asatuluke. Mnzawo wowotcherera anathamanga kumsika, koma anabwerako chimanjamanja. Ndiye anaganiza zodula ina pa chikatoni, ndipo chikatoni cholimba chimene chinapezeka pakhomo chinali chikuto cha kope langa la Bayoloje. Ndinapereka ndi manja awiri.

Mayi anaima pakhomo kuyang'ana beseni lawo.

"Mwanawe, bwanji osangobwereka ya mnzakoyu Lowerukalo?"

"Mayi, munthu wokonza njinga za anthu ndikafike kwa apongozi pa yobwereka? Akandifunsa kuti yanu ili kuti ndikati chiyani? Bola osapita."

Apa ndinasiya kuseka pang'ono. Mtsikanayo ndinkamudziwa, ankagulitsa mbatata ya kachewere pamsika ndipo ankandiwonjezera nthawi zonse. Ndinaganiza zochotsa manatiwo mwakachetechete, koma njingayo sinatsalenso yokha. Achimwene ankadyera pomwepo, mbale ili pa bondo. Komanso, kunena zoona, ndinkafunabe kuona mathero ake.

Lachisanu chakumasana anamaliza kumanga. Panatsala kabawuti kamodzi kosadziwika kwawo, ndipo anangokaika m'thumba. Injini inalira bwino ndithu. Kenaka anandiyang'ana.

"Kwera kumbuyoku. Ine ndimvetsera kutsogolo, iwe kumbuyo. Usagwire mphonjezo."

Tinakwera chitunda chonse mpaka pamene umaonera mapiri a Ntchisi ali buluu kutali, minda ya fodya yokololedwa ili mbee m'munsi. Kunali kamphepo kozizira ndi fumbi. Anazimitsa injini, tinayamba kutsika. Ngwe. Ngwe ngwe.

"Wamva?"

"Ndamva, achimwene."

"Kumbuyo?"

"Ayi, ngati kutsogolo."

Anawerama kuika khutu pa thanki. Anaweramanso kwambiri, mutu mpaka m'mbali mwa injini, maso achoka pa msewu. Ine ndinaliona khwawa limene madzi a dzinja anakumba pakati pa msewu, koma pomwe ndinkati "achimwene" tayala linali litalowamo kale. Sitinkathamanga. Njinga inangopendekeka mwaulemu n'kutigoneka mu mchenga wa m'ngalande, ine pamwamba pa iwo, mphonje zili m'kamwa mwanga.

Handulo inagunda pansi, kamphira kaja kanafwamphuka, ndipo manati awiri anagubuduka n'kuima pafupi ndi mphuno yawo.

Anawayang'ana nthawi yaitali. Anawatola, anadzutsa njinga, anagwedeza handulo. Zii. Anabwezeramo nati imodzi, anagwedezanso. Ngwe.

Ndikanatha kunamizira ana a pa mjigo. Koma chiseko chinanditulukira m'mphuno, ndipo ndinagwanso mu mchenga muja, misozi ili mbwe. Sanafunse n'komwe kuti ndani. Anangoti, "Masiku anayi," n'kuliza injini, n'kundisiya pomwepo. Ndinabwerera wapansi, chigongono chitasupuka, ndikusekabe.

Loweruka m'mawa ananyamuka pa njinga yawo, amalume ali kumbuyo ndi jekete lawo la kutchalitchi. Galasi linali limodzi, linalo linasweka m'ngalande. Chikuto cha Bayoloje chinagwira mpaka pakati pa ulendo, kenaka chinayamba kudontheza, moti pofika ku Ntchisi mwendo wakumanja wa thalauza la achimwene unali bii.

Anabwerera dzuwa litapendeka. Achimwene analowa m'nyumba osandiyang'ana. Amalume anakhala pa mpando, anavula nsapato, n'kufotokozera mayi kuti zayenda, awalandira, tsiku la chinkhoswe akambirana mwezi wamawa. Amalume a mtsikana anafunsa za thalauzalo, ndipo amalume athu, amene sasunga nkhani, anafotokoza zonse kuyambira Lolemba. Akuti bwalo lonse linaseka mpaka azimayi anatuluka kukhitchini kudzamva. Akuti mkulu mmodzi anati munthu wophwasula injini yonse chifukwa cha kaphokoso sangalekerere denga likudontha.

"Ndiye ndawathandiza," ndinatero.

"Iwe khala chete," anatero mayi, koma anatembenukira kukhoma.

Mlandu anagamula amalume pomwepo, sokosi zili m'manja. Beseni la mayi ndilikweche ndi mchenga mpaka liyere. Thalauza ndichape. Ndipo Lamlungu lililonse mpaka sukulu itatsegulidwa, ndizitsuka njinga zonse zisanu pa mjigo, kupopa madzi ndekha.

Thalauzalo silinayere, beseni linayera pang'ono. Za pa mjigo zinali masabata atatu okha. Ndinkatsuka ndikuimba mluzu, osafulumira, sipoko imodziimodzi, madoda asanu ataima mondizungulira padzuwa kulondera manja anga. Palibe ndi mmodzi yemwe analimba mtima kupita kukakhala pamthunzi.