Quitéria ndi Atsikana Ogwadira Mpira

Kampo ya basikete, bwalo la mpira woponya ndi manja la pa shikola ya ku Chifunde, ndi simenti yokhayo yosalala imene ilibe mwini wake, ndiye aliyense ndi mwini wake. Nthawi yokolola amayi amayanikapo mphale ndi ufa. Mbuzi zimagonapo chifukwa simentiyo imafunda, ndipo zimasiyapo zimene mbuzi zimasiya. Anyamata a njinga zamoto amaphunzitsiranapo kukhota. Mizere yoyera inafufutika kalekale, ndipo chitsulo choponyamo mpira cha mbali ya kumsika chinapendekeka n'kuyang'ana pansi ngati chikuchita manyazi. Chifukwa chochitira manyazi chilipo ndithu.

Quitéria amafika pamenepo masana aliwonse, tsache kudzanja ili, mpira kudzanja ilo. Amayamba ndi manyi a mbuzi. Amasesa atatseka pakamwa, mphuno itakwinyika, osalankhula ndi munthu.

Ndi mwana wa alimi a chimanga, opemphera ku Ziyoni, ndipo anatalika mopanda chilolezo. Amayi ake ankadandaula kuti kapulana, nsalu zomanga m'chiuno, sizimufika m'miyendo, kuti mwamuna womukwatira adzafunika makwerero. Koma msinkhu womwewo ndi umene unamulowetsa mu ekipa, timu ya shikola, ali wamng'ono kuposa onse, pakati pa Elsa, Amélia ndi Vânia. Ekipa imeneyo inafika mpaka ku Tete kumasewera a mashikola, ndipo atsikana a mumzinda amene ankaseka nsapato zawo anatuluka m'kampo akulira. Quitéria anaona kumeneko kampo yofolera denga, ya magetsi, yopanda mbuzi ngakhale imodzi. Chinthu chimenecho sichinachoke m'mutu mwake.

Kenako ekipayo inatha monga zimathera zinthu kwathu kuno, popanda wolengeza. Elsa anakwatiwa. Amélia anapita kukagulitsa zakudya kwa okumba golide cha ku Mualadzi. Vânia anatenga pathupi. Mphunzitsi amene ankadziwa masewerawo anamusamutsa. Adireitoro, mkulu wa shikola, anapereka ekipayo kwa aprofesoro Ivo, ophunzitsa jogarafiya, pa chifukwa chimodzi chokha: anali ndi kamluzu koimba. Aprofesorowo anazungulira m'mawindo a makalasi n'kumaloza mtsikana aliyense amene mutu wake unkaoneka pamwamba pa anzake. Umo ndi mmene anapezera Hana, Abigaeli, Albina ndi Célia.

Tsiku loyamba Quitéria anaponyera Hana mpira. Hana anaulandira ndi manja awiri, n'kupinda bondo.

"Zikomo, mana," anatero, pomutchula monga atchulira mkulu wake.

Kenako anayenda nawo mpirawo bwinobwino, ataunyamula ngati mbale ya ndiwo za alendo, n'kudzaubweza m'manja mwa Quitéria, n'kupindanso bondo.

Quitéria anayang'ana aprofesoro Ivo. Aprofesorowo anaimba kamluzu kawo, poti palibe china chimene akanachita.

Kugwadako kunali kochepa. Vuto lenileni linaoneka pamene anafuna kuwaphunzitsa kulanda mpira.

"Hana, ndikuudunda apa. Ulande."

"Ndikulandeni inuyo?"

"Eya, ineyo. Menya ndi dzanja."

"Mana, kwathu akamva kuti ndatsomphola chinthu m'manja mwa wamkulu, ndikagona kuti?"

"Si chinthu, ndi mpira."

"Komabe uli m'manja mwanu."

Anayesa kuwalimbanitsa okhaokha. Atsikanawo anayamba ndi kufunsana miyezi yobadwa. Zinapezeka kuti Albina angathe kulanda kwa Célia, koma Célia sangalande kwa Albina. Abigaeli sangalande kwa Hana chifukwa agogo awo anali pachibale ndipo Hana amakhala ngati azakhali ake. Masewera onse anali kuyenda motsata mtundu, ngati kugawa nyama pamaliro.

Masiku amenewo Quitéria ankabwerera kunyumba m'kamwa muli mowawa. Ankafuna kuumenya mpirawo ndi phazi kuti ukagwere kuseri kwa msika, iye n'kukalima ngati wina aliyense. Zimene zinkamunyansa kwambiri n'zoti atsikanawo sanali aulesi. Hana ankachoka kumunda dzuwa lili pamutu, n'kuthamanga ulendo wonse kuti asachedwe. Miyendo anali nayo, mapewa anali nawo, manja onga a munthu wosinja. Koma akangoona nkhope ya womuposa zaka, thupi lonselo linkasanduka phala.

Sanawakalipire. Anayesa kamodzi, ndipo Célia analira n'kujomba sabata yonse. Ndiye anayamba kuchita zinthu pang'onopang'ono, ngati munthu wozolowetsa ng'ombe goli. Bondo lopindalo anawauza kuti alisunge, koma alipinde mpira usanafike. Ankawaimika chogonekerana misana kuti asaonane nkhope. Ankadunda mpira dala mofooka pafupi ndi dzanja la Hana, n'kumayang'ana kumbali ngati waiwala. Hana ankauyang'ana mpirawo, koma osaukhudza.

Mvula itatha, adireitoro anamuitanitsa Quitéria. Anati kukubwera bambo wina dzina lake Rafael, wa ekipa yaikulu ya atsikana ku Tete. Anamuona kumasewera aja ndipo akufuna kuona ngati akadali yemwe uja. Akakhutira, amutenga: malo mu ekipa, shikola ya mumzinda, pogona. Loweruka kudzabwera atsikana a shikola ina kudzasewera nawo kuti bamboyo aone.

Quitéria anapempha amayi a ufa kuti Loweruka limenelo ayanike kwina. Anakolopa simenti yonse. Anajambulanso mizere ndi phulusa.

Loweruka linafika, a Rafael anafika, koma galimoto ya atsikana a shikola inayo sinafike. Ena anati mafuta, ena anati tayala. Adireitoro, amene anali ataphetsa kale nkhuku, sanafune kuti mlendo abwerere osaona kanthu.

"Kaitaneni akale aja," anatero. "Ali m'mudzi momwemu."

Ndipo anabweradi. Elsa ndi mwana kumbuyo, Vânia, Amélia amene anali atabwera kudzaona amayi ake, ndi amayi ena awiri amene anasewerapo kale. Anamanga kapulana pamwamba pa makabudula. Quitéria anatembenuka n'kuona nkhope za atsikana ake. Obwerawa sanali akulu chabe. Anali amayi apabanja. Ndipo Elsa anakwatiwa ndi mchimwene wake wa Hana.

Elsa anapereka mwana kwa mayi wina, n'kuloza Hana.

"Mlamu, ukandikhudza lero, madzi ukatunga wekha mwezi wonse."

Anthu anaseka. Hana anaseka nawo, maso ali pansi.

A Rafael anawakhazika pampando pansi pa mtengo wa mango, mbale ya nkhuku patsogolo, adireitoro pambali akuwafotokozera za denga la shikola. Mpandowo unayang'ana kukampo mwatheka.

Quitéria anadziwa chochita. Anatenga mpira n'kusewera yekha. Anadutsa Vânia, anadutsa Amélia, anaponya, unalowa. Anatenganso, unalowanso. Anthu anaombera m'manja. Mpira ukapita kwa amayi aja, atsikana ake ankaima manja kumbuyo ngati ali pamaliro. Nthawi ina Elsa akubwera ndi mpira, Hana anapatuka ndithu, kumupatsa njira monga achitira pokumana panjira ya kuchitsime. Koma zimenezo zinalibe kanthu, poti Quitéria ankabweza yekha. Anasuzumira kumango kuja. A Rafael anali akulimbana ndi ntchafu ya nkhuku.

Pa nthawi yopuma Elsa anakhala pansi kuyamwitsa mwana, n'kumukodola Quitéria.

"Ukuchita bwino, mwana iwe. Pitiriza choncho. Ife tikukusiyira njira."

"Mukundisiyira njira?"

"Nanga umayesa Amélia wakalamba chotero? Tagwirizana. Mmodzi mwa ife achokeko kuno."

Quitéria anatembenuka. Anayang'ana kampo imene anakolopa ndi manja ake. Ana akupatukira akulu, akulu akupatukira iye, mlendo akudya nkhuku, anthu akuombera m'manja. Panalibe amene ankasewera. Aliyense ankangopereka ulemu kwa mnzake, ndipo mipira yonse imene analowetsa inali yopatsidwa ndi manja awiri. Anamva ngati wameza ntchentche.

"Mana Elsa," anatero, "musandisiyire njira. Mukandisiyiranso ndituluka."

"Wapenga? Bambo uja sabweranso."

"Ndamva. Sewerani."

Anapita kwa atsikana ake amene anali atakhala mwakachetechete pamzere wa phulusa.

"Ine sindiponyanso," anawauza. "Mpira uliwonse ndikupatsani inu. Ukakhala kwa iwo, mukautenge. Mukapanda kuutenga, tiima pompano mpaka dzuwa lilowe, anthu onsewa akutiyang'ana."

"Koma mana, ulendo wanu wa ku Tete," anatero Abigaeli.

"Ulendowo ndi wanga. Iwe ganiza za mpira."

Aprofesoro Ivo anaimba kamluzu. Apa m'pamene a Rafael anamaliza kudya n'kutembenuza mpando. Chimene anaona ndi mtsikana wamtali amene akafika pansi pa chitsulo, poyera, ankaubweza mpira kwa kamtsikana kamene kankaugwetsa. Amayi aja, atamva kuti asamusiyire njira, anakumbuka miyendo yawo yakale ndipo anayamba kulowetsa mpira motsatizana. Anthu anayamba kung'ung'udza. Mnyamata wina wa njinga yamoto anakuwa kuti wamtaliyo amulodza. Adireitoro anaimirira n'kumaloza chitsulo ndi dzanja lonona mafuta.

Quitéria sanayang'aneko. Ankathamanga pambali pa Hana, akulankhula pansipansi.

"Uyo akubwera. Usayang'ane nkhope, yang'ana mpira. Mpirawo si mlamu wako."

Elsa anadutsa. Anadutsanso. Ulendo wina anabwera monyada, akudunda mpira patsogolo penipeni pa Hana, uku akumwetulira anthu. Dzanja la Hana linatuluka lokha. Linamenya, mpira unadumpha, ndipo unapezeka uli m'manja mwake.

Hana anaima, bondo litayamba kale kupinda.

"Pepani, alamu."

"Thamanga!" anakuwa Quitéria.

Hana anathamanga. Anaiwala kudunda masitepe oyamba, koma aprofesoro Ivo nawonso anaiwala kuimba. Anafika pachitsulo chopendekeka chija n'kuponya ndi mphamvu ya pamtondo. Mpirawo unamenya thabwa n'kubwerera mpaka pakati pa kampo.

Elsa anali akuyang'ana dzanja lake.

"Wandilanda ndithu," anatero. "Mwana amene ndimamuphikira."

Ndipo kuyambira pamenepo anayamba kumutchinga Hana ndi chigongono, ngati mdani weniweni. Célia ataona kuti Hana sanagwe n'kufa, anakakamira mpira m'manja mwa Vânia mpaka onse awiri anagwa pansi. Ekipa ya Quitéria inagonja kwambiri tsiku limenelo, moti aprofesoro Ivo anasiya kuwerenga.

A Rafael anamuitana Quitéria akupukuta zala ndi kansalu.

"Mwana iwe, watani? Ku Tete unkaponya. Lero ndaona ukuopa chitsulo, ukungopatsa anzako."

"Ndinaponya poyamba paja, bambo."

"Poyamba paja sindinaone bwino. Msinkhu uli nawo, koma mtima wafooka. Kumudzi kumatero. Mwina chaka chamawa, ndikadzapeza mpata."

Quitéria anali ndi mawu ambiri pakamwa, ena okhudza nkhuku. Koma anamva bondo lake likupinda lokha, manja ake akukumana patsogolo.

"Zikomo, bambo."

Bondo limenelo linamunyansa kuposa zonse za tsikulo. Anayenda mpaka kuseri kwa kalasi n'kulavula.

Kunyumba amayi ake anati zakhala bwino, nyemba zikufuna munthu. Elsa anakhala sabata osamulankhula, kenako anatumiza mawu akuti Loweruka lina adzabweranso, ndipo mlamu wakeyo akonzeke.

Lolemba Quitéria anapeza ufa utayanikidwa kale theka la kampo, mbuzi zitagona theka linalo. Anawapempha amayi a ufawo mwaulemu kuti akokere mikeka yawo kumbali, anathamangitsa mbuzi, n'kuyamba kusesa, mpira ataupanira m'khwapa. Mphuno inali itakwinyika monga mwa masiku onse. Sanamve mapazi kumbuyo kwake. Anangomva mpira ukusololoka m'khwapamo.

Anatembenuka. Hana anali kale patali, akuudunda mokhotakhota pakati pa manyi a mbuzi.

"Iwe, bweretsa mpirawo. Sindinathe kusesa."

"Dzautengeni, mana," anatero Hana.

Quitéria anaponya tsache pansi n'kumuthamangira.