Kompyuta ya mu Mtolo wa Malemu

Mkazi wanga atamwalira, katundu wake yense anamangidwa mtolo umodzi m'bulangeti n'kuikidwa pakona ya chipinda kwa apongozi anga ku Mongue. Mwambo wa kwawo ndi wakuti zinthu za malemu sizichoka pamudzi mpaka tsiku losudzula mkamwini, pamene amalume amamasula mtolo n'kugawira abale. Ine sindinatsutse. Chaka chimenecho ndinalibe mphamvu yotsutsa chilichonse.

Mu mtolomo munali kompyuta yake, laputopu yakale yolemera yomwe anagula kwa mnzake wa kuntchito. Ankayenda m'magulu a alimi kulemba za mbewu, ndipo kuntchitoko ankamubwereka kamera. Zithunzi zonse zomwe anajambula zinali m'kompyutamo. Sitinatsukitse ngakhale chimodzi. Tinkangoti tidzatsukitsa tikadzapita ku Quelimane.

Banja la kwawo linabwera kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi iye ali kamtsikana. Anapeza nyumba itapsa, pabwalo patamera mitengo. Pamene ndinkamukwatira n'kuti akuumbabe njerwa za chipinda chachitatu. Apongozi anga alibe chithunzi cha malemu amuna awo, ngakhale cha makolo awo. Pamudzi ponsepo munthu akafa, nkhope yake imatsala m'mitu ya anthu basi, ndipo mwana wathu wamkazi anali ndi zaka zitatu zokha. Anatsala kwa agogo ake, poti mwana ndi wa kuchikazi, akuleredwa ndi mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu. Ine ndinkaphunzitsa kusekondale ku vila, tawuni ya Milange, n'kumapalasa njinga Loweruka lililonse kukamuona. Mwezi ndi mwezi ankafunsa za amayi ake mocheperachepera. Pofika nthawi yokolola anali atasiyiratu.

Kutatsala sabata imodzi kuti andisudzule, amalume ake a mkazi wanga anandiuza kuti kompyutayo ipita kwa mlongo wake wa malemu, yemwe ankaphunzira ku Mocuba. Ndinadziwa kuti akangoilandira adzaipereka kwa anzake kuti afufute zonse, ayambe mwatsopano. Ndinapempha kuti ndiitenge masiku ochepa, ndichotsemo zithunzi.

"Akamwini, mtolo sumasulidwa kawiri," anatero amalume.

"Ndikudziwa, amalume. Ndikupempha chifukwa cha mwanayu."

Anayang'ana mwanayo, yemwe ankakumba dothi ndi chivindikiro cha botolo. Kenako analowa okha m'nyumba, n'kutuluka nayo ataigwira ndi manja awiri ngati mbale yodzaza.

"Loweruka ibwere mmene ilili. Chinthu chilichonse chikhale momwemo."

Lolemba nditaweruka ndinakhala nayo m'chipinda cha aphunzitsi, momwe munali magetsi. Nditailumikiza, kagetsi kobiriwira kanayaka. Ndinadina batani. Inalira pang'ono, chizindikiro cha opanga chinaoneka, kenako mdima, ndi mzere umodzi wa Chingerezi pamwamba wonena kuti sikupeza poyambira. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Mzere womwewo. Ndinachita zimenezo mwina kakhumi, ngati kuti itopa n'kuvomera.

Ine si mmisiri. Kukoleji anatiphunzitsa kutaipa ndi kukonza mndandanda wa mayeso, osati kutsegula makina. Komabe ndinkakumbukira pang'ono. Ndinachotsa batire, n'kukanikiza batani kwa nthawi yaitali, n'kubwezera. Palibe chinasintha. Ndinayatsanso ndikumenya batani lolowera ku bayosi, tsamba labuluu lija lomwe limaonetsa ziwalo za m'kati. Tsiku linali litabwerera m'mbuyo zaka zambiri, kale ine ndi mkazi wanga tisanakumane n'komwe. Ndinalikonza. Pamalo pomwe pamayenera kulembedwa dzina la disiki, yomwe imasunga zonse, panalembedwa kuti palibe. Pa choikamo sidi, palibe. Ndinafuna kusintha ndondomeko ya poyambira, koma panalibe choti n'kuika patsogolo kapena pambuyo.

Lachiwiri mphunzitsi wa masamu anandibwereka sidi yoyambitsira kompyuta. Inazungulira kawiri n'kuima. Tinayesa fulashi yake, makinawo sanaione. Iye anati mwina disiki yangosuntha pa njinga, poti msewu wa ku Mongue umagwedeza ndi mano omwe. Tinamasula kachitseko ka pansi ndi nsonga ya mpeni, tinaikoka pang'ono n'kuikankhiranso m'malo mwake. Tinayatsa. Mzere uja. Mnzangayo anandigwira paphewa n'kupita kukalasi, ine ndinatsala ndikuyang'ana nkhope yanga pagalasi lakudalo mpaka belu linalira.

Lachitatu ndinapita nayo kwa mmisiri wina wachikulire yemwe anali ndi baraka, kashopu kakang'ono, pafupi ndi msika. Anayamba kukonza mawailesi ali kumsasa, kenako mafoni, ndipo makompyuta anangowaphunzira pa kuwaphwasula. Ankayankhula Chinyanja, akakwiya Chilomwe, powerenga masikuluu Chipwitikizi. Anamasula makina onsewo mosafulumira, akuika masikuluu m'chivindikiro cha chitini. Atanyamula mabatani anaimba mluzu.

"Profesoro, kompyutayi munkaphikira ndiwo?"

Ndinasuzumira. M'kati monse munali zoyerayera zouma ngati za m'mphepete mwa poto, ndipo pomwe disiki imalumikizana ndi thupi la makina panali pobiriwira, tizitsulo tina titadyeka. Anapala ndi chikhadabo n'kulawa.

"Mchere uwu. Munapita nayo kunyanja ya ku Quelimane kukaisambitsa?"

"Yakhala m'nyumba miyezi isanu ndi umodzi. Sinakhudzidwe."

"Inakhudzidwa, profesoro. Mchere suyenda wokha."

Anandiuza mosabisa kuti makinawo sadzayakanso. Njira yochokera ku disiki ndi ya sidi zinali zitadyekera pamodzi, n'chifukwa chake zonse ziwiri sizinkaoneka. Disiki yokhayo mwina inali ndi moyo. Anaitsuka mano ake ndi sipiriti ndi mswachi wakale, koma kuti tiiwerenge pankafunika kabokosi kolumikizira ku kompyuta ina, ndipo disikiyo inali ya mtundu wakale. Anati ali ndi mnzake kutsidya kwa malire yemwe ali nako, katha kufika Lachisanu.

"Muli chiyani m'menemu, mayeso a ana?"

"Zithunzi za mayi wa kunyumba. Anatisiya."

Anangokulunga disikiyo m'kansalu koyera n'kuiika m'thumba la malaya ake, osati m'kabati momwe ankaponya zinthu za anthu ena.

Lachinayi ndinalibe makalasi a masana, choncho ndinapalasa kupita ku Mongue. Ndinapeza apongozi akusenda nandolo pakhonde. Ndinakhala chapatali monga mwa ulemu, tinapatsana moni wautali, kenako ndinafunsa ngati denga la chipinda chija limadontha.

"Ayi bambo, dontho ngakhale limodzi. Mtolo uja ndinausamala ine ndemwe."

Anafotokoza akusendabe. Tsiku lomwe tinachoka kumanda, asanamange mtolo, anawaza chinthu chilichonse ndi madzi odalitsidwa. Anali ochepa m'botolo, ndiye anaonjezera a pachitsime ndi mchere wodzaza dzanja, monga ankachitira kumsasa munthu akafa, kuti za malemu zisavutitse otsala.

"Makamaka makina aja, bambo. Manja ake ankakhala pamenepo usana wonse. Ndinawatsegula mmene ndinkamuonera akutsegula, ndinathira bwinobwino pa mabatani onse mpaka madzi analowa, n'kutseka. Sindinafune kuti mlongo wake azidzalota zoipa."

Anandiyang'ana ngati akudikira kuti ndiwathokoze.

"Munachita bwino, amayi," ndinatero.

Pobwerera ndinatsika pa njinga pa mlatho wamitengo womwe anali asanaumangenso, n'kuyenda wapansi mtunda wautali ngakhale nditawoloka kale. Sindinakwiye. Ndinayesa kukwiya koma sizinatheke.

Lachisanu kabokosi kanafika masana. Mmisiri uja analumikiza disiki ku kompyuta yake yaikulu ya pansi pa tebulo. Inayamba kulira kuti tiki, tiki, ngati wotchi yomwe batire ikutha. Tinadikira. Anaichotsa, anaitsukanso, anailumikiza ataigoneka chambali. Ulendo wachitatu inatseguka. Ndinaona mayina a mafoda omwe mkazi wanga analemba yekha: mbewu, misonkhano, za kunyumba.

"Sankhani msanga, profesoro. Iyi ikupuma komaliza."

Ndinaloza za kunyumba. Sinalole kutseguka. Anayesa kukopera foda yonseyo, inaima pomwepo n'kuyambiranso kulira. Anazimitsa, tinadikira kuti izizire, anayesanso. Zinakanika. Pamenepo anati tiyese ina iliyonse yomwe ingalole, ndipo ya misonkhano inayamba kuyenda. Tinayang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa. Mayi wina anabwera kudzatenga foni yake, mmisiri anamuuza kuti abwere mawa osatembenuka n'komwe. Kamzere kasanafike pakati, disiki inalira kamodzi mokweza n'kukhala chete. Sinadzukenso.

Tinapulumutsa zithunzi khumi ndi zinayi. Zina zinali zotuwa kuyambira pakati mpaka pansi. Zotsalazo zinali za matumba a mbewu, munda wa chinangwa, amuna atakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango. Ndinali nditaiwala chinthu chapafupi, chakuti wojambula saoneka. Kamera inkakhala m'manja mwake. M'chithunzi chimodzi chokha, chomwe wina ayenera kuti anamujambulira, anali ataima kumapeto kwa gulu la amayi ku Majaua, atanyamula kope, nkhope atatembenuzira pang'ono kwa munthu wina kunja kwa chithunzi. Ankaoneka ngati akufuna kumuuza kuti afulumire.

Mmisiri anachikulitsa mpaka pomwe chinayamba kusweka, n'kuchibweza pang'ono. Tinakatsukitsa kwa wojambula zithunzi za ziphaso, chimodzi cha gulu lonse, china cha iye yekha. Kenako anabwezera disiki yakufayo m'malo mwake, anamanga masikuluu onse, n'kupukuta chivindikiro ndi malaya ake.

Loweruka anandisudzula. Abale anakhala pamphasa, mbali yanga kunali achimwene anga ndi ankhoswe. Mawu ananenedwa, akuti ndinasunga mwana wawo bwino, ndinamudwazika mpaka mapeto, tsopano ndine womasuka. Amalume anamasula mtolo. Atafika pa kompyuta ndinawauza kuti siikuyaka ndipo sidzayakanso. Mlongo wa malemu, yemwe anabwera kuchokera ku Mocuba chifukwa cha makinawo, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Inkayaka bwinobwino mlongo wanga ali moyo, alamu. Yafera m'manja mwa ndani?"

"Chinyontho cha dzinja," ndinatero. "Chinalowa m'kati."

Sanakhulupirire, ndipo ndikuganiza kuti mpaka lero amati ndinachotsamo china chake n'kugulitsa. Apongozi anali pomwepo akupinda zovala.

Anthu atabalalika ndinaitana mwana wanga kuseri kwa nkhokwe. Mlamu wanga wamkazi anabwera naye atamugwira dzanja. Ndinatulutsa chithunzi cha iye yekha chija n'kumupatsa. Anachigwira ndi zala zamafuta a mbatata, anachiyang'anitsitsa.

"Ndani awa?" ndinamufunsa.

Anayang'ana chithunzi, anayang'ana mlamu wanga.

"Amayi aang'ono."

"Iyayi, mwanawe," anatero mlamu wanga. "Si ine. Awa ndi amayi ako enieni, amene anakubereka. Taona mphumi, ngati yakoyi."

Mwanayo anagwira mphumi yake. Kenako anafunsa ngati kope lomwe lili m'chithunzimo lilipo, poti ankafuna kujambulamo nkhuku. Ndinamuuza kuti ndidzamubweretsera lina. Anandibwezera chithunzicho n'kuthamangira kwa anzake.

Ndinabwereka cholembera kwa achimwene. Kuseri kwa chithunzicho ndinalemba dzina lonse la mkazi wanga, mudzi womwe anabadwira, ntchito yomwe ankagwira, ndi kuti uyu ndi mayi wa mwana wakutiwakuti. Ndinalemba m'Chinyanja, pansi pake m'Chipwitikizi, poti sindinkadziwa chomwe mwanayo adzayambe kuwerenga. Ndinachipereka kwa mlamu wanga kuti azimuonetsa nthawi ndi nthawi, ngakhale asakufuna. Cha gulu lonse ndinatenga ine.

Dzuwa linali lidakalipo. Achimwene anati tigone, tinyamuke mawa, koma ndinali ndi makope a kalasi yachisanu ndi chinayi omwe ndinali ndisanachonge sabata yonseyo. Ndinapopa tayala lakumbuyo n'kuuyamba wa ku vila.