Muvi wa Pikapu ya Alamu

"Kodi anzanga, n'zoona zoti bambo a kwanu amazimitsa mita ya galimoto kuti azizembera ku Zambia?" Anandifunsa choncho mayi woyandikana nafe nyumba tili pamjigo, ine mwana ali kumsana. Ndinangoti, "Kaya," n'kusenza ndowa yanga.

Amuna anga ankayendetsa pikapu yakale ya achimwene awo, kunyamula anthu ndi matumba a mtedza pakati pa Mkanda ndi ku boma. Galimotoyo inkagona kwa alamuwo, m'chigafa momwe ankaunjikamo mtedza wogula. Ikabwerako, iwo ankasuzumira manambala a makilomita apansi pa muvi wa liwiro, kuti adziwe mtunda umene yayenda. Sankakwera nawo, choncho diso lawo linali manambalawo.

Ndiye muvi uja unayamba misala. Pena unkagwira, pena n'kugona pansi galimoto ikuthamanga, manambala nawonso n'kuima. Alamu atawona kuti mafuta akutha koma makilomita sakuchuluka, anati, "Iwe, ukundiyesa mwana eti? Umazula waya, n'kukatenga katundu wako kumalire."

"Achimwene, ine n'zule chiyani? Sindikudziwa n'komwe pamene wayayo ali."

Anatilola kuti tikonzetse tokha ngati tikunena zoona. Makaniko wa kwathu anakwawira kunsi kukafuna kebulo yozungulira ija imene inkakhala m'magalimoto onse amene iye anakulira nawo. Anatuluka fumbi lokhalokha. "Akulu, kebulo munagwetsa panjira," anatero. Chonsecho galimotoyo inalibe kebulo chibadwire, mita yake inali yamagetsi. Wachiwiri anasintha fyuzi, osathandiza. Wachitatu anati wotchi yonse ya liwiro, momwe mumakhala muviwo, yafa. Tinagulitsa mbuzi zathu ziwiri, amuna anga n'kukagula ina yakale kutsidya kwa malire. Anaimanga, inagwira kuchoka pagalaja kufika pamsika, kenako zii.

Masiku amenewo amuna anga sankadya bwino. Ankangokhala pakhonde atagwira tsaya, ine n'kuwapatsa mwana kuti mwina aseke. Alamu anaitanitsa makiyi pamaso pa apongozi, ndipo mawu akuti wakuba anatuluka pomwepo. Galimoto anaipereka kwa dalaivala wina.

Muvi sunasinthe khalidwe ngakhale m'manja mwa dalaivala watsopanoyo. Alamu anakaisiya kwa munthu wokonza zamagetsi a galimoto ku boma, n'kutumiza uthenga kuti amuna anga akafotokoze mmene vuto linayambira. Linali tsiku la sikelo ya mwana ku boma komweko, ndiye tinapitira limodzi panjinga.

Bamboyo sanathamangire sipanala. Anafunsa kuti muvi umagwa nthawi yanji.

"Nthawi iliyonse," anatero amuna anga, mokwiya.

"Ine nditakwera kutsogolo ulendo wina, unkagwa tikagunda bampu," ndinatero. "Pa tala unkakhala bwinobwino."

"Ehe, mayi, ndiye kuti pali chogwedera."

Anakweza matayala akumbuyo pa jeke, n'kuuza amuna anga kuti alize injini, alowetse giya. Iye anagona kunsi, n'kumagwedeza mawaya mmodzimmodzi. Atafika pa kachipangizo komangidwa pagiyabokosi, kamene kamawerenga kuzungulira n'kutumiza ku wotchi, amuna anga anakuwa, "Wagwa! Wadzukanso!" Bamboyo anasolola mawaya ake kutiwonetsa. Anali odyekadyeka, mano a makoswe akuwonekeratu, ndipo pamwamba pa giyabokosi panali makoko a mtedza. Anadula podyekapo, kulumikiza, kukulunga tepi. Nditamaliza kuyamwitsa mwana, iye anali akusamba m'manja.

Alamu nawo anali atabwera, ndipo anaima pomwepo akuwona zonse. Anakanda kumutu nati, "Makoswe awa ndi oipa." Sindiwada ayi. Galimotoyo anaigula ndi fodya wa zaka zambiri, ndipo mantha awo ndinkawamvetsa. Koma dalaivala watsopano uja anali mlongo wa akazi awo, kumuchotsa sakanatha, ndipo kupepesa mng'ono wawo pakamwa panawalemera.

Tinabwerera panjinga yathu, ine kumbuyo ndi mwana. Tinataya mbuzi ziwiri, ntchito ya amuna anga, ndi kudyera mbale imodzi kwa anthu awiri obadwa mimba imodzi.