Dzanja la Wometa

Amuna anga ndi ometa tsitsi. Kachipinda kawo kali kuseri kwa siteji ya basi: mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi makina awiri, ena ometa, ena ongozula. Ameta anthu zaka zambiri osakanganapo ndi wina aliyense. Kasitomala akati timu yakuti ndi yabwino, iwo amavomera. Wotsatira akati timu yomweyo ndi yachabechabe, amavomeranso. Ndinakwatiwa nawo chifukwa cha kufatsa kumeneku, ndiye sindingadandaule kwambiri, koma masiku ena kumandipsetsa mtima.

Kufatsa komweko kunawalowetsa m'komiti ya chitukuko ya dera lathu. Komitiyo imakumana m'kalasi ya pulayimale, akuluakulu atapanikizika m'madesiki a ana, khansala ali patebulo la aphunzitsi. Chizolowezi chinali chakuti khansala ayambe kunena maganizo ake, kenako mawu azungulire mmodzimmodzi. Amuna anga ankakhala kumapeto, pafupi ndi chitseko.

Tsiku lina khansala anati ogulitsa m'mbali mwa msewu akudetsa tauni, asamukire kumsika watsopano kuseri kwa manda. Ahedi a sukuluyo anavomera. Abusa anavomera, mwini golosale nayenso. Pofika pachitseko nkhani inali itapsa kale, ndipo amuna anga anakweza dzanja limodzi ndi anzawo. Chikhalirecho mmodzi mwa ogulitsawo anali mlongo wawo, bere limodzi, mayi wamasiye amene ankagulitsa nthochi ndi mapeyala pansi pa ambulera, pomwe anthu amatsikira basi.

Kwa iye anakanena bodza: "Ndinayesetsa, achemwali, koma anali ambiri."

Kumsika watsopano kunkafika ntchentche zokha. Madzulo mlamu wangayo ankadzera kwathu ndi nthochi zakuda. "Alamu, apatseni ana, zingawole." Akatero ankakhala pansi n'kuyamba kutukwana a komiti, uku akuyamika achimwene ake kuti analimbana nawo okha. Amuna anga ankangoyang'ana m'mbale. Ine zoona zake ndinkazidziwa, ndipo nthochizo ndinkalandira ndi manja awiri.

Koma tsitsi limamera, ndipo a komiti aja ankabwera kudzameta mmodzimmodzi. Munthu akamukulunga nsalu m'khosi, pakamwa pamamasuka.

"Pakati pa ife awiri," anatero ahedi, "zija sizinandisangalatse. Koma ndinaona abusa akugwedeza mutu."

"Ine? Linali tulo limenelo," anatero abusa pa tsiku lawo. "Nditadzidzimuka ndinapeza ahedi avomera kale."

Mwini golosale anati malonda ake omwe atsika chichokereni ogulitsa aja. Pomaliza anabwera khansala, nawaseka amuna anga pagalasi: "Ndinangoponya mawu kuti ndimve maganizo anu. Nonse mutavomera, ndikanabweza bwanji? Mukanati khansala ndi wamantha."

Tsiku limenelo amuna anga sanadye. "Mayi a ana, m'kalasi muja munalibe ndi mmodzi yemwe wofuna zimenezi. Ndikanangotsokomola, achemwali akanakhala pamalo pawo."

Ndinawayankha mwaukali kuti akatsokomole tsopano, chifuwa akadali nacho.

Pamsonkhano wotsatira anaimirira, mawondo akugunda desiki. "Mitu yonse ili muno ndimameta ndine, ndipo uliwonse unandiuza kuti sunafune." Anapempha zinthu ziwiri: khansala azilankhula pomaliza, ndipo pa nkhani iliyonse asankhidwe munthu mmodzi woti atsutse, ngakhale akugwirizana nayo, kuti mawu okana asamasowe woyambitsa. Ahedi anakwiya kuti za pampando wometera zaululika, ndipo mpaka lero amakameta kwina. Koma atafunsidwanso mmodzimmodzi, khansala ali chete, anthu anati ogulitsa abwerere.

Tinapita tonse kukamuuza mlamu. Tinamupeza akumanga katundu. Ambulera ndi benchi anali atagulitsa kale, ndipo anali atapeza ntchito ya m'nyumba kutali, kwa anthu osawadziwa, ana atawagawa kwa abale. Anamvetsera mpaka kumapeto, nasangalala kuti anzake abwerera pamsewu. Za iye anati madzi anafika kale m'khosi, sangayambirenso.

Kenako anawagwira dzanja amuna anga. "Musadandaule, achimwene. Chimene chinkandilimbitsa mtima kumsika wa kumanda kuja n'chakuti m'chipinda chonse chija munali munthu mmodzi wondikanira."

Amuna anga anatsegula pakamwa, nandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Anawerama n'kusenza chikwama cha mlongo wawo, ndipo tinamuperekeza kukakwera basi.