Tsiku Limene a Zelifa Anavula Nsapato mu Ofesi

A Zelifa anakulira pa makina a taipi, ku ofesi ya mishoni ku Chiringa. M'chaka cha 2001 alendo ena anasiyapo kompyuta yakalekale, yachikasu ngati mano a munthu wa fodya, koma mayiwa anaikonda kuposa mbuzi zawo.

Ndiye mwana wawo Lily anapeza banja ku Blantyre. Akuchimuna, anthu a m'tauni, anati, "Makhadi a ukwati tisindikiza ife. Ku Phalombe mungathe chiyani?"

Ha! Mawu otero n'kuwauza a Zelifa? Analumbira kuti makhadiwo atulukira pa Chiringa pomwepo, chithunzi cha Lily chili pamwamba. Koma akati aike chithunzicho, kompyuta ija inkangouma gwa. Manyazi anali atafika pakhomo.

Mlongo wawo Walter, wokonza makompyuta ku Limbe, anati vuto ndi kuchepa kwa memole, malo amene kompyuta imakumbukirapo zinthu. Anatumiza pa basi kakhadi koonjezera memoleyo, kobiriwira, kotalika ngati chipeso, n'kuwalangiza pa foni: "Achemwali, musanakagwire, vulani nsapato ndipo mugwire chitsulo cha pawindo. Magetsi a m'thupi amakapsereza."

A Zelifa anavula. A Makina, mkulu wa mpingo, ataona zimenezo anavulanso, sokosi zobooka zili poyera. Amayi a kwaya amene anabwera kudzaonerera anataya patapata zawo uko, ndipo poti chitsulo chinawachepera, anagwirana manja mpaka pabwalo. Mayi wina wogulitsa nthochi anatula dengu n'kulowa pamzere osafunsa n'komwe.

A Zelifa anakankhira kakhadi kaja m'malo mwake m'kompyutamo. Atayatsa, nkhope ya Lily inayamba kutuluka pang'onopang'ono: tsitsi, maso, kenako mano onse mbee! Nthungululu zake, mayo! A Zelifa anavina, kuseka, misozi ili chuchuchu, mpaka anaipsompsona kompyutayo.

Akuchimuna atabwera, anatembenuza makhadiwo uku ndi uku, pakamwa pali pululu. Bambo ake a mkwati, omwe aja ananyoza, anapempha kuti aone makinawo ndi maso awo.

A Zelifa ankadziwa bwino lomwe kuti zovula nsapato zinatha tsiku lomwe lija. Koma anatsekereza pakhomo, n'kupinda bondo mwaulemu wonse.

"Pepani bambo, muno nsapato sizilowa."

Bambo aja, ndi suti yawo yonse, anawerama n'kuyamba kumasula zingwe.